Makalata Osamutsa Aphunzitsi ndi Tsogolo la Ana a ku Mwadzama



Chaka cha sukulu chikamayamba, m'maofesi a zamaphunziro mumatuluka makalata amene wailesi siilengeza ndipo nyuzipepala sizilemba. Awa ndi makalata osamutsa aphunzitsi, amene ambiri timangowatcha kuti thiransifa. Kalata yotere imakhala yaifupi: dzina la mphunzitsi, sukulu imene akuchoka, sukulu imene akupita, tsiku lokayamba ntchito, ndi chidindo. Mulibe mau onena za ana amene akusiyidwa, kapena za munthu amene adzalowe m'malo mwake. Koma kuno kwa Mwadzama, kuyambira m'midzi ya m'mbali mwa nyanja mpaka kumtunda kolowera kwa Mwansambo, kalata imodzi yotere ingathe kusiya kalasi yathunthu yopanda mphunzitsi kwa teremu yonse, mwinanso kwa chaka.

Takulemberani kalata ino chifukwa tikuona kuti kusamutsa aphunzitsi ndi nkhani ya ulamuliro wa dziko, yofanana ndi kagawidwe ka mankhwala m'zipatala kapena ka feteleza m'midzi. Mphunzitsi amalipidwa ndi misonkho ya anthu onse, kuphatikizapo msodzi wa ku Chia ndi mayi wogulitsa mpunga pa Benga. Tsono kumene mphunzitsiyo akagwire ntchito kuyenera kudziwika poyera, motsata lamulo, ndipo amene wagamula ayenera kukhala wokonzeka kuyankha akafunsidwa. Pakadali pano zambiri zimagamulidwa mwakachetechete, ndipo mathero ake amakhala amodzi: aphunzitsi amayenda kulowera kumene kuli phula, magetsi ndi mipope ya madzi.

Zimene mbiri yathu ikutiphunzitsa

Akuluakulu pakati panu akukumbukira chaka cha 1989, pamene boma la Dr. Kamuzu Banda lidalamula kuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo zimene adachokera. Lamuloli lidakhudza kwambiri aphunzitsi ochokera kumpoto, amene adanenedwa kuti sadali kuphunzitsa ana a m'zigawo zina ndi mtima wonse. Mabanja adapasuka, ndipo masukulu ambiri a m'chigawo chapakati ndi chakummwera adataya aphunzitsi odziwa ntchito m'kanthawi kochepa. Apo tidaona koyamba kuti kalata yosamutsa ingathe kusanduka chida cha ndale. Patapita zaka zitatu, pa 8 Marichi 1992, maepiskopi a dziko lino adatulutsa kalata yawo yodziwika ija, ndipo mwa zina adadandaula za kuthithikana kwa ana m'makalasi, kuchepa kwa aphunzitsi, ndi kusiyana kwa mwayi wa maphunziro pakati pa ana a dziko limodzi. Papita zaka zoposa makumi atatu, koma madandaulo amenewo akadali oona m'dera lathu.

Mu 1994 boma la Dr. Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale. Ichi chidali chinthu chabwino ndipo sitidzasiya kuchiyamikira, pakuti ana a anthu osauka amene akadangokhala kudambo ndi kunyanja adalowa m'kalasi. Chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Koma walira mvula walira matope. Boma lidalemba mwachangu aphunzitsi pafupifupi 18,000 amene sadapite ku koleji ya zauphunzitsi, nkuwapatsa maphunziro a masabata ochepa chabe, ndipo pulogalamu ya MIITEP yowaphunzitsa ali kale pa ntchito idayamba mu 1997. Ambiri mwa aphunzitsi atsopanowa adatumizidwa kumidzi, pamene aphunzitsi akale okhala ndi satifiketi adapeza mpata wosendera kufupi ndi matauni. Palibe lamulo limene lidanena kuti zitero. Zidangochitika, chifukwa amene adakonza ndondomekoyi adawerenga ana ndi aphunzitsi a dziko lonse pamodzi, osafunsa kuti mphunzitsi aliyense akaima pati.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo ophunzirirapo a MCDE adasandutsidwa masukulu a sekondale oyendera, ma CDSS amene tili nawo lero. Aphunzitsi a sekondale adali ochepa, choncho boma lidatenga aphunzitsi a pulayimale, makamaka amene adali akhama ndi okhoza bwino, nkuwakweza kukaphunzitsa Fomu 1 mpaka Fomu 4. Sekondale idapeza anthu amene sadakonzekere ntchitoyo, ndipo pulayimale idataya anthu amene idawadalira. Tikutchula zimenezi mwadala, chifukwa tibwereranso kwa izo.

M'chaka cha 1998 dziko lidavomereza ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono. Cholinga chidali chakuti masukulu a pulayimale aziyang'aniridwa ndi makhonsolo, kufupi ndi eni ake ana. Koma kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lidakhala lopanda makhansala osankhidwa. Kwa zaka zisanu ndi zinayi mphamvu idatsika kuchoka ku Capital Hill kufika ku maofesi a pa boma, koma anthu amene akadayenera kufunsa mafunso m'malo mwa inu padalibe. Chizolowezi chogamula zinthu popanda wofunsa chidakhazikika m'nyengo imeneyo, ndipo kubwerera kwa makhansala sikudachithetse konse.

Njira zolowera mumzinda

Dziko lathu lili ndi maboma a zamaphunziro 34, ndipo anayi mwa iwo ndi a m'mizinda: Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 2000 adaonetsa kuti kumidzi mphunzitsi mmodzi ankakhala ndi ana oposa 70, pamene m'mizinda sankafika 50, ndiponso kuti mwa aphunzitsi anayi alionse a mumzinda, oposa atatu adali amayi. Boma lidadziikira mlingo wakuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. Mlingo umenewu udalembedwa m'dongosolo la zamaphunziro la 2008 mpaka 2017, ndipo m'masukulu ambiri akumidzi sudakwaniritsidwe.

Kodi aphunzitsi amafika bwanji mumzinda, pamene boma limanena kuti mumzinda adzaza? Njira yoyamba ndi ukwati. Mphunzitsi wamkazi amene mwamuna wake akugwira ntchito ku Lilongwe amapempha kuti atsatire banja lake, ndipo nthawi zambiri amaloledwa. Ife sitinganyoze pempho lotere. Banja liyenera kukhala pamodzi, ndipo tikudziwa mavuto amene amabwera mwamuna ndi mkazi akakhala motalikirana kwa zaka. Njira yachiwiri ndi matenda: munthu amene akufunika kuonana ndi dokotala mwezi ndi mwezi sangakhale pa sukulu imene mvula ikagwa mtsinje umadzadza ndipo galimoto silifika. Njira yachitatu ndi maphunziro, pakuti wofuna dipuloma kapena digiri amafuna kukhala kufupi ndi koleji. Zifukwa zitatuzi ndi zomveka. Chovuta nchakuti pamene palibe woyang'ana, khomo lotsegulidwira odwala ndi a pabanja amalowerapo ndi ena: ukwati wa papepala pokha, kalata ya kuchipatala yochita kugula, kapena foni yochokera kwa munthu wamkulu. Ndipo ngakhale pempho litakhala loona, funso limene silifunsidwa ndi ili: nanga kumene akuchokako kupita yani, ndipo afika liti?

Tisaganize kuti mwana wa mumzinda akusangalala. M'madera ngati Chinsapo ku Lilongwe kapena Ndirande ndi Mbayani ku Blantyre muli masukulu a ana zikwizikwi, koma zipinda zophunziriramo ndi zochepa. Kumeneko mungapeze aphunzitsi awiri kapena atatu akugawana kalasi imodzi yodzadza, wina akuphunzitsa pamene anzake akhala pakhonde kudikira nthawi yawo. Mumzinda muli aphunzitsi osowa zipinda, ndipo kumudzi kuli zipinda zosowa aphunzitsi. Boma limalipira malipiro onsewo mwezi ndi mwezi, koma ana a mbali zonse ziwiri sakulandira chimene makolo awo adalipira kudzera m'misonkho.

Mu 2017 akatswiri a Banki Yaikulu ya Dziko Lonse adatulutsa kafukufuku wa kagawidwe ka aphunzitsi m'Malawi, ndipo adapeza chinthu chimene chikutikhudza ife mwachindunji. Kusiyana kwakukulu kuli m'kati mwa boma limodzi, ngakhale m'kati mwa zoni imodzi. Sukulu imene ili pafupi ndi msewu, magetsi, madzi ndi malo a malonda imakhala ndi aphunzitsi okwanira, pamene ina ya makilomita ochepa kuchoka pamenepo ilibe. Adapezanso kuti aphunzitsi ena amagwiritsa ntchito anzawo odziwika ndi andale kuti atumizidwe kumene akufuna, ndipo akuluakulu a zamaphunziro pa boma amapanikizidwa kuchokera kumwamba. Tanthauzo lake ndi lakuti “tauni” ya mphunzitsi wa kwa Mwadzama siyambira ku Lilongwe. Iyambira pa msewu wa M5. Ulendo wake umayenda pang'onopang'ono: kuchoka pa sukulu ya kumtunda kapena ya kugombe kufika pa Benga kapena pa Mkaika, kuchoka apo kupita pa boma la Nkhotakota, ku Dwangwa kapena ku Salima, ndipo pomaliza ku likulu. Pa sitepe iliyonse pamatsala kalasi.

Alawansi imene idagawidwa mpaka kutha mphamvu

Boma lidayesa kuchitapo kanthu, ndipo ndi bwino kunena zimenezi. Aphunzitsi otuluka m'makoleji pansi pa pulogalamu ya IPTE, imene idayamba mu 2005, ankalonjeza kukagwira ntchito kumidzi kwa zaka zisanu. Mu 2010 kudayamba pulogalamu ya ODL yophunzitsa anthu a m'madera momwemo kuti akhale aphunzitsi kwawo, poganiza kuti munthu wa pamudzi sathawa mudzi wake. M'chaka chomwecho kudakhazikitsidwa alawansi ya aphunzitsi akumidzi, imene idayamba ndi K5,000 pamwezi ndipo pambuyo pake idafika K10,000.

Nkhani ya alawansi imeneyi ndi yofunika kuilingalira mofatsa, chifukwa ikuonetsa mmene maganizo abwino amafera m'dziko muno. Idakonzedwa kuti ikhale ya aphunzitsi ochepa, amene ali kumalo ovutadi. Koma mau akuti “kumudzi” sadamasuliridwe bwino. Aliyense amene sadali mumzinda adati nayenso ali kumudzi, ndipo palibe mtsogoleri amene adafuna kukhumudwitsa anthu ovota pokana. Posakhalitsa masukulu oposa 80 mwa 100 alionse adalowa pa mndandanda. Mphunzitsi wa pa sukulu ya m'mphepete mwa phula, amene akhoza kukwera minibasi nkukatapa ndalama ku banki tsiku lomwelo, ankalandira chimodzimodzi ndi mnzake amene amayenda maola awiri pa njinga kuti apeze netiweki ya foni. Ndalama yogawidwa chonchi siingakope munthu kupita kutali, ndipo kukwera mtengo kwa zinthu kudaimaliza. Pulogalamu yokonzanso maphunziro yotchedwa MERP, imene idayamba mu 2021 ndi thandizo la Banki ija, idabwereranso ku mfundo yakuti masukulu aikidwe m'magulu molingana ndi kutalikira kwake, ndipo thandizo lipite kwa amene ali kutali kwenikweni. Mfundoyi ndi yolondola. Koma idzafa imfa yomweyo ngati mndandanda wa masukuluwo udzakhale wobisika, woti munthu wamphamvu angathe kuonjezapo dzina usiku.

Chimene mwana amataya

Aphunzitsi akachepa pa sukulu, mphunzitsi wamkulu amachita zimene aliyense angachite: amaika otsalawo ku Sitandade 7 ndi 8, chifukwa mbiri ya sukulu imaonekera pa zotsatira za mayeso a MANEB. Amene amasiyidwa ndi ana a Sitandade 1 ndi 2, amene ndi ochuluka kuposa onse, ndipo ndi amene akufunika munthu wowagwira dzanja polemba chilembo choyamba. Mwana amene wadutsa zaka ziwiri zoyambazo osadziwa kuwerenga amabwereza kalasi, amakula msinkhu, amachita manyazi kukhala pansi ndi ana aang'ono, ndipo tsiku lina sabweranso. Kuno kunyanja sasowa kopita. Usipa ukagwa, mnyamata wa zaka khumi ndi ziwiri akhoza kupeza ndalama pothandiza kukoka khoka kapena kuyanika nsomba pa thandala, ndalama imene amaiona ndi maso tsiku lomwelo. Sukulu imapikisana ndi gombe tsiku lililonse, ndipo sukulu yopanda mphunzitsi siingapambane.

Kwa atsikana vuto ndi lowirikiza. Popeza aphunzitsi aakazi ndiwo amasamukira kutauni mochuluka, pali masukulu akutali kumene mtsikana angaphunzire zaka zisanu ndi zitatu osaonapo mayi ataimirira kutsogolo kwa kalasi. Akatha msinkhu alibe womuuza zakukhosi pa sukulupo, ndipo alibe chitsanzo chooneka chakuti mkazi wophunzira amadzidalira. Timalankhula zambiri zothetsa maukwati a ana, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Koma nyumba imodzi yabwino ya mphunzitsi wamkazi, yokhala ndi chitseko cholimba, chimbudzi ndi mjigo pafupi, ingathandize lamulo limenelo kuposa misonkhano yambiri.

Pali mtundu wina wa kusamutsa umene tiyenera kuudzudzula mosabisa mau. Mphunzitsi akalakwa kutauni, kaya ndi uchidakwa, kujomba, ngakhale kugona ndi mwana wa sukulu, nthawi zina chilango chake chimakhala kutumizidwa kumudzi. Kodi ana akumudzi adalakwa chiyani kuti alandire munthu amene makolo a kutauni amukana? Munthu wochimwira mwana malo ake ndi kupolisi ndi kubwalo la milandu, ndipo ntchito imuthere. Kumusamutsa ndi kumupatsa ana ena, kumalo kumene makolo sadziwa mbiri yake. Chizolowezi chimenechi chimanyozetsanso aphunzitsi okhulupirika amene akhala kumidzi kwa zaka zambiri mwa kufuna kwawo, chifukwa anthu amayamba kuganiza kuti aliyense wotumizidwa kutali ali ndi mlandu.

Sekondale yaulere

Pambuyo pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, boma la Pulofesa Arthur Peter Mutharika lidalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 ana asamalipire fizi m'masukulu a sekondale a boma. Makolo ambiri a kuno alandira uthengawu ndi chimwemwe, ndipo nafenso tikuulandira. Koma amene adaona 1994 ndi kubadwa kwa ma CDSS ali ndi chifukwa chofunsa: aphunzitsi a ana oonjezerekawo achokera kuti? Ngati yankho lidzakhale kutenganso aphunzitsi a pulayimale amene adadziphunzitsa mpaka dipuloma, ndiye kuti masukulu a pulayimale akutali ndiwo adzalipire mtengo wa sekondale yaulere. Ndipo popeza mpikisano wopita ku sekondale umachitikira pa mayeso amodzi a dziko lonse, mwana amene adaphunzira popanda aphunzitsi okwanira sadzafika nkomwe pa khomo limene latsegulidwalo. Pali achinyamata ambiri amene adamaliza maphunziro a uphunzitsi nkukhala pakhomo zaka zingapo kudikira kulembedwa ntchito. Boma liyambe ndi iwo, ndipo liwatumize kumene kuli kusowa, lisanasunthe wina aliyense amene ali kale m'kalasi.

Zimene tikupempha

Kwa khonsolo ya Nkhotakota ndi akuluakulu a zamaphunziro, pempho lathu lalikulu ndi limodzi: zinthu zichitike poyera. Pa chiyambi cha teremu iliyonse, pa TDC ya zoni iliyonse pakhomedwe pepala loonetsa dzina la sukulu, chiwerengero cha ana, chiwerengero cha aphunzitsi, amene achoka ndi amene abwera. Sitikufuna kudziwa matenda a munthu kapena za m'banja mwake, tikufuna manambala. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, kotero kupempha zimenezi si chipongwe. Tikupemphanso kuti, kupatula pa matenda aakulu kapena pamene moyo wa mphunzitsi uli pa chiopsezo, munthu asachoke pa sukulu yosowa aphunzitsi wolowa m'malo asanafike. Ndipo amene wakhala kutali zaka zisanu mokhulupirika akhale woyamba kuganiziridwa pa kukwezedwa, pa mwayi wa maphunziro, ndi pa kusamuka kumene. Munthu amapirira malo ovuta akadziwa kuti pali tsiku lotuluka, ndipo kuti mzere sudumphidwa ndi amene ali ndi achibale ku likulu.

Aphungu a Nyumba ya Malamulo, makhansala ndi mafumu, inu ndi amene mumalandira mapempho usiku: “Bwana, mwana wanga adamutaya kutchire, tamuyankhulireni.” Tikudziwa kuti kukana nkovuta, makamaka wopemphayo akakhala munthu amene adakuthandizani pa kampeni. Koma foni imodzi imene mwaimba kuti musangalatse banja limodzi imalanda mphunzitsi kwa mabanja zana a m'dera lanu lomwe. Mphamvu yanu igwiritseni ntchito poumiriza kuti ndalama za chitukuko cha m'dera zimange nyumba za aphunzitsi ndi kukumba mijigo pa masukulu akutali, ngakhale kuti zimenezo sizioneka kwa anthu odutsa pa msewu waukulu.

Inu aphunzitsi, makamaka amene mwakhala nafe zaka zambiri m'nyumba zodontha, tikukuthokozani. Bungwe lanu la TUM laonetsa kuti lili ndi mau, monga pa sitiraka ya 2017 ndi ya 2021. Mau omwewo amveke pofuna kuti kusamutsa kukhale kwa chilungamo, chifukwa amene amapwetekedwa ndi chinyengo ndi mphunzitsi mnzanu wopanda womuyankhulira, amene amasenza makalasi atatu yekha.

Makolo, mbali ina ya nkhaniyi ili m'manja mwanu. Mphunzitsi wachilendo, mnyamata kapena mtsikana wochokera ku Mzimba kapena ku Thyolo, akafika pamudzi nkupeza kuti palibe womulandira, nyumba ya lendi akumukwezera mtengo, mbewu zake zikubedwa, ndipo akalanga mwana akuopsezedwa ndi mankhwala, amayamba kulemba kalata yopempha kuchoka mwezi woyamba womwewo. Midzi imene idaumba njerwa, kupereka kamunda, ndi kuitana mphunzitsi pa maliro ndi pa ukwati monga mmodzi wa iwo, imasunga aphunzitsi ake nthawi yaitali. Masukulu amene eni ake ndi mipingo kapena Asilamu ali ndi udindo womwewo, ndipo sayenera kugwiritsa ntchito dzina la chipembedzo pokokera aphunzitsi ku masukulu a pa msewu okha.

Tikupempha komiti ya sukulu iliyonse, pamodzi ndi PTA ndi gulu la amayi, kuti teremu ino isanathe ikhale pansi ndi mphunzitsi wamkulu nkulemba zinthu zinayi: ana alipo angati, aphunzitsi alipo angati, angati achoka m'zaka zitatu zapitazi, ndipo angati adabwera m'malo mwawo. Pepala limenelo lisainidwe ndi wapampando ndi nyakwawa, kope limodzi lipite kwa PEA wa zoni yanu, lina kwa khansala, ndipo lachitatu mulipereke kwa a komiti ya Chilungamo ndi Mtendere a m'dera lanu, amene adzasonkhanitse mapepala onse a kwa Mwadzama nkukawatula pa msonkhano wa khonsolo.